Diso la pamwamba pa wadiropu

Achemwali anga ndi amantha chibadwire. Tili ana ankathawa ngakhale nkhuku ya anapiye. Lero amaluka ndi kuwongola tsitsi pa saluni, ine n'kumawathandiza kutsuka mitu, ndipo mantha awo onse anathera pa chinthu chimodzi: kuti amayi athu, amene anafa ziwalo mbali imodzi, adzagwa pabedi m'nyumba mulibe munthu.

N'chifukwa chake anakoketsa intaneti ya faiba, kachingwe kowonda ngati ulusi, n'kuika kamera pamwamba pa wadiropu kuchipinda kwa amayi. Foni ankaitsamiritsa pagalasi la ku saluni, manja ali m'mutu mwa kasitomala, maso ali pa amayi. Amayiwo ankaitcha kamerayo diso la mwana wanga, ndipo akafuna kanthu ankangoikodola ndi dzanja lamoyo lija, achemwali n'kuimbira aneba.

Chovuta chinali rauta ya kampani, kachipangizo kofalitsa intaneti m'nyumba. Inali pabalaza, mphamvu yake inkafika kuchipinda ili wefuwefu, chithunzi n'kumadukaduka. Ndiye alamu athu, amuna a achemwali, amene timawatcha a Injiniya chifukwa anakonzapo ayironi kamodzi, anagula rauta yawoyawo ya nyanga zinayi. Anazula ya kampani, analumikiza yawo ku kabokosi ka faiba kapakhoma, n'kuipatsa dzina latsopano ndi pasiwedi yatsopano. Mafoni onse a m'nyumba anawalowetsamo, uku akudzitama. Kamera anaiiwala. Iyo inangotsala pamwamba paja n'kumafunafuna dzina lakale.

M'mawa mwake achemwali anasambitsa amayi, anawaveka diresi lobiriwira, tonse n'kupita kuntchito. Pafoni amayi ankaoneka ali gone, nkhope kukhoma.

"Lero sichikuduka," anatero achemwali. "Alamu ako aja nthawi zina mutu umagwira."

Dzuwa lili pamutu ndinaona chipeso cha achemwali chaima m'malere.

"Iwe, tabwera. Amayi avala chiyani apa?"

"Juzi yofiira."

"Juzi yofiira ndachapa m'mawa ine. Ili pachingwe."

Chinali chithunzi cha dzulo, chomaliza chimene kamera inatumiza rauta isanasinthidwe. M'mawa wonse tinkayang'ana dzulo. Ndinachita mantha. Tinaimbira aneba, foni yawo inangoitana. Achemwali anasiya kasitomala mankhwala ali m'mutu.

"Asisi, mutu ukuwotchatu!"

"Mpope uwo, tsukani!"

Anatuluka epuloni ili m'khosi, ine pambuyo. Tinathamangira basi. Pakhomo kiyi anawakanika kulowetsa, mpaka ndinachita kuwalanda. M'nyumba munali zii. Pabalaza rauta ya a Injiniya inali ikuthwanima magetsi ake onse, yonyada ngati mwini wake.

Amayi tinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi tebulo, diresi lobiriwira litanyowa, kapu itasweka pambali pawo. Ankapuma. Dzanja lamoyo lija linali lidakali m'mwamba, litaloza ku wadiropu.

Achemwali anagwada n'kuwanyamula mutu. Amayi anawayang'ana, kenako anayankhula ndi lilime lawo lolemera lija.

"Ndakukodola kuyambira m'mawa, mwanawe. Ndimati ukundiona, koma watopa nane."

Achemwali analira mokweza ngati kamwana. Madzulo a Injiniya anaibwezera rauta yawo dzina lakale ndi pasiwedi yakale, kamera n'kudzuka. Ikugwira bwino mpaka lero, chithunzi sichiduka. Koma amayi sanaikodolenso.