Masamba Pamsewu wa ku Kaomba

Chaka chimene dzina langa linasowa pa makuponi a feteleza, ndinauza mkazi wanga Nambewe kuti ndikupita ku Joni. Fodya wopanda feteleza ndi udzu. Kukapempha uteneti ku esiteti ndili ndi munda wa makolo anga, ayi.

"Pa msinkhu wanuwu, abambo?" anafunsa. Ndinapitabe.

Kumeneko ndinapeza ntchito yozika zikwangwani za pamsewu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma zikwangwani ndinazidziwa zonse. Cha ngodya zitatu chimachenjeza. Chozungulira chimalamula. Chobiriwira chimanena mtunda umene watsala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkalozera anthu njira ya kwawo, ine ndikukhala ndekha m'kachipinda ka malata. Lamlungu linkatha osayankhula ndi munthu. Ndalama ndinkatumiza, feteleza Nambewe ankagula. Pafoni ndinkafunsa za nazale ndi chigafa. Za thupi lake sindinkafunsa, iyenso sankanena.

Tsiku lina mlongo wake anaimba. "Alamu, kuno sakupeza bwino. Nyamukani."

Ndinkafuna kumupeza ali moyo. Masiku atatu m'basi maso anali pa zikwangwani, manambala a mtunda akucheperachepera, mtima nkumati ndifika.

Pa boma la Kasungu ndinakwera kabaza. Titayandikira mudzi, wakabazayo, bambo wa imvi ngati ine, anaima. Pamsewu panali nthambi za masamba aawisi, atazigoneka mopingasa.

"Palasani," ndinatero. "Lole yawonongeka kutsogoloko. Madalaivala aumbuli amaika masamba."

"Madala, mvula ino lole ikafune chiyani kuno? Tsikani. Chipewacho muvulenso."

Ndinatsika. Tinayenda wapansi, iye akukankha njinga. Nyimbo ya amayi a kumpingo inkachokera pakhomo panga.

Mlamu anandilandira chikwama. "Timadikira inu," anatero. Pamene ankaimba foni ija, Nambewe anali atatsirizika kale. Kwathu munthu wapaulendo samuuza za imfa, amangoti matenda akula. Masamba pamsewu ndi maliro. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ubwana, koma tsikulo sindinafune kuziwerenga.

Titabwera kumanda ndinayendera munda. Fodya anali wobiriwira, mizere yowongoka, wopalira bwino. Amayi ena anandiuza kuti Nambewe ankapalira atakhala pansi, chifukwa miyendo inali itatupa kuyambira dzinja lapitalo. Ku mpingo ankadziwa. Ku chigayo ankadziwa. Wakabaza uja naye ankamunyamula popita kuchipatala. M'mudzi monse amene sankadziwa ndinali ine.