Mkazi wa Salaula

Mpaka lero ndikamva fungo la belo la salaula, zovala zakaunjika zija, longodulidwa mawaya, fungo lija la mankhwala losakanikirana ndi chinyezi, mtima umabwerera kukomboni kwathu ku Kanyama m'dzinja limene madzi analowa m'nyumba mwathu mpaka tinakweza mbaula panjerwa. Amayi ankatsegulira belo pakhonde m'mamawa, ine n'kumapatula malaya a ana, achule akulira m'zithaphwi za kuseri. Bambo ankakhala pakhomo ndi gitala, mapazi ali pakreti, n'kumatiyang'ana ngati tikuwabera kanthu.

Bambo anali woyimba weniweni, chimenecho sindingawalande. Anaphunzirira pa banjo ya agogo, amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji. Nyimbo za kalindula anazitola kwa anzawo a ku Luapula, ndipo zala zothamanga za rumba anazibera pawayilesi ya ku Zaire. Zaka zambiri anayimba mu bandi ya kampani ina ya boma, atavala yunifolomu yofiira. Kampaniyo itagulitsidwa, eni ake atsopano anayamba n'kugulitsa zoyimbira, kenaka n'kuchotsa anthu. Bambo anatsala ndi gitala yawo ndi pakamwa pawo, n'kumayimba m'mabala, malipiro ake mowa wamasese. Amene ankatidyetsa anali amayi, ndipo zimenezo zinkawadya moyo bambo.

Anyamata akabwera kudzaphunzira gitala, bambo ankawalalikira. "Nyimbo ni mkwapulo," ankatero. "Ngati sibaba munthu, ni phokoso chabe. Woyimba alibe m'bale." Anakwapuladi eni nyumba okweza lendi, anakwapula ogula makampani, ndipo anthu ankawakonda chifukwa ankanena zimene ena ankaopa kunena.

Dzinja limenelo mkwapulo unatembenukira m'nyumba. Anapeka nyimbo ya mkazi wa salaula amene amalawirira kutauni atavala thalauzi la mzungu wakufa, mwamuna n'kumusiya ndi njala, ndipo palibe akudziwa chimene amalipira kwa ogulitsa mabelo. Dzina sanatchule. Anangotchula mpata wa m'mano ndi ambulera yobiriwira, koma Kanyama yense ankadziwa mwini ambulerayo.

Nyimboyo inagwira ngati moto wolusa. Makondakitala ankaiyimba atalendewera pazitseko za minibasi, ana ankaiyimba podumpha zithaphwi. Kumsika anthu ankaima pa benchi la amayi, osati kudzagula, koma kudzaona mpata wa m'manowo. Azimayi a kutchalitchi, kumene amayi ankatsogolera kwaya, anawauza kuti ayambe apuma mpaka nkhani yawo ifufuzidwe. Ine ndinkangonyada kuti bambo anga atchuka.

Tsiku lina panali ukwati pa nyumba yoyandikana nafe, ndipo anaitana bambo. Anavala jekete labuluu limene amayi anawasankhira m'belo n'kuwasitira okha. Mowa utalowa m'mutu, anthu anakuwa kuti akufuna ya salaula. Amayi ankadutsa ndi beseni la mbale zotsuka, ndipo azibambo awiri anawakokera pakati pa bwalo kuti avine. Sanavine. Anangoima m'matopemo, beseni lili m'manja, milomo atatseka kuti mano asaoneke. Bambo anawaona bwinobwino, ndipo m'malo moleka anabwereza kolasi, anthu n'kumaponyera bambowo ndalama.

Titafika kunyumba amayi anayankhula ndi bambo motsitsa mawu, kuwaitana ndi dzina langa.

"Batate ake Tisa, nyimbo ija muileke."

"Banthu baikonda," anayankha bambo akuvula nsapato. "Ufuna nibaname?"

M'mawa mwake amayi anakweza belo lawo pawilibala, anandigwira dzanja, ndipo tinayenda m'madzi ofika m'mawondo mpaka pokwerera minibasi ya ku Matero, kwa akulu awo. Ambulera anaisiya kuseri kwa chitseko, ngakhale mvula inkawaza. Dzinja lisanathe, bambo anali atapeka ina, ya mkazi wothawa ukwati pawilibala. Imeneyo ndiye anthu anaikonda kuposa yoyamba.

Pa maliro a bambo anthu anayimba zonse ziwiri, n'kumati pakamwa pa amphawi patsekeka, ndipo sananame. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anga ndi amwayi, poti ndani wina mu Kanyama anali ndi nyimbo zakezake ziwiri? Zanditengera zaka kuti ndizindikire kuti m'nyumba mwathu munali oyimba awiri. Kuchokera tsiku la ukwati lija, sindinawamvenso amayi akuyimba, ngakhale pochapa.