Mwala wanga pa mzere wa feteleza

Chaka chimene dzina la amayi linatuluka pa makuponi a feteleza, ine ndinkayendetsa ndege zonyamula katundu. Anthu a kwathu ku Kapelula ankaganiza kuti ndimakhalira kudya nkhuku m'mitambo. Zoona zake n'zakuti ndinkakhalira kufunsa anthu kuti lero ndi lachingati. Tinkanyamuka ku Ulaya dzuwa likulowa, kukatera kwa Aluya likutuluka, kugona pang'ono m'hotela, kenako kubwerera. Pakatha milungu itatu, wotchi inkanena nthawi yake, foni yake, mimba nayo yake, ndipo ine sindinkadziwa woti ndimumvere.

Atandipatsa masiku anayi opuma, ndinachoka pabwalo la ndege m'mamawa, yunifolomu ili m'thupi, ulendo wa ku Kasungu. Mvula inali itagwa kawiri ndipo m'mbali mwa msewu anthu ankawokera fodya. Ndinafika kumudzi mutu uli waa, ndikulakalaka mphasa basi.

Moni asanathe, amayi anatsegula buku lawo la nyimbo za kutchalitchi n'kutulutsamo kuponi. Zaka zitatu dzina lawo linkadumphidwa, ndiye kapepalako anakagwira ngati khanda.

"Feteleza wafika dzulo kudepoti," anatero. "Mwendo wangawu sungathe mzere uja. Pita iwe, uli ndi galimoto."

"Amayi, ndikakugulirani kusitolo mawa. Lero ndatopa."

"Wa kusitolo ndi wako. Uyu ndi wanga, dzina langa linatuluka."

Ndinafuna kukwiya koma mphamvu zokwiyira ndinalibe. Ndinaika kuponiyo m'thumba la malaya, n'kulizanso galimoto.

Kudepoti ndinapeza mzere wautali wopanda munthu. Panali miyala, zidutswa za njerwa, masaka opinda, ngakhale silipasi imodzi, zonse zitandandalikidwa kuyambira pageti mpaka kumsewu. Eni ake anali phee pamithunzi, kudikira kuti geti litsegulidwe. Ndinaima kanthawi ndithu ndikudzifunsa ngati ndikulota. Kenako ndinakumbukira kuti ndili mwana tinkachita chimodzimodzi ndi zidebe pamjigo. Ndinatola mwala n'kuuika kumapeto.

Mayi wina wobereka mwana anabwera n'kuika theka la njerwa kumbuyo kwa mwala wanga. Anayang'ana mizere ya paphewa panga, n'kunyolika pang'ono.

"Bwana, mukamachokapo muzinena komwe muli."

Ndinangogwedeza mutu. Mumtima ndinati, munthu wotereza ndege m'mvula ya mphepo, lero ndizipereka malipoti kwa mwini njerwa? Ndinapita pansi pa mtengo wa mango pomwe ndinaimika galimoto, ndinakhala pampando, n'kunena kuti nditsinzine mphindi khumi zokha.

Chimene chinandidzutsa sindichidziwa. Nditatsegula maso ndinaona chiwongolero patsogolo panga. Ndinaganiza kuti ndagona ndikuyendetsa ndege. Ndinakoka chiwongolerocho ndi manja onse kuti tikwere, chinakana. Ndinapapasa kudenga kufuna mabatani, kulibe. Ndinakuwa m'Chingerezi kuitana mnzanga amene ndimayendetsa naye, pampando pake pali botolo la madzi. Kenako pagalasi panaoneka mbuzi ikutafuna tsamba la mango, ikundiyang'ana. Ndikulumbira, funso loyamba limene linandibwerera linali lakuti mbuzi yafika bwanji m'mwamba muno.

Nditatuluka, dzuwa linali lofiira chapansi. Ndinakondwa poganiza kuti kukucha kumene, ndiye ndikhala woyamba pamzere. Ndinayenda masitepe angapo ndisanazindikire kuti dzuwalo lili kumadzulo. Geti linali lotseka. Miyala yonse inali itachoka, kupatula wanga, uli wokhawokha pomwe ndinauika.

Mayi uja anali atakhalira matumba ake awiri, kudikira ngolo.

"Watha, bwana," anatero. "Akuti galimoto ina ibwera, koma tsiku sakulidziwa."

"Bwanji simunandidzutse?"

"Munandiuza kuti mukukagona? Wa silipasi uja anandiuza, ndinkamukankhira silipasi yake mpaka pageti, n'kukamuitana. Inu ndimati abwana ali ndi khomo lawo lakuseri."

Ndinathamangira ku boma, ndinapeza sitolo ina isanatseke, n'kugula matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Kunyumba ndinawatsitsa ndikumwetulira, ndikunena kuti zonse zayenda bwino. Amayi anawomba m'manja, anasisita matumbawo, anathokoza Mulungu chifukwa cha dzina lawo. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale tsiku limene ndinalephera mayeso oyamba a ndege.

Mawa lake ndinadzuka masana, osadziwanso kuti ndili dziko liti mpaka nditamva tambala. Panja malaya anga a yunifolomu anali pachingwe, akudontha madzi. Amayi anali pakhonde, ndipo pamphasa pambali pawo panali kuponi ija, ataipsinja ndi sopo kuti isauluke. Bodza lilibe mwendo, langa silinathe n'tsiku lomwe.

Ndinayamba kufotokoza za mzere, za kutalika kwake, za dzuwa. Anandidula.

"Zimenezo ndamva kale kumjigo. Akuti woyendetsa ndege amalimbana ndi chiwongolero galimoto ili chiimire, kukamwa kuli yasa." Sanaseke. "Feteleza ndamuona, zikomo. Kuponi ndikapita nayo ndekha ikabwera galimoto inayo. Ine funso langa ndi lina. Mwala suyenda wokha, mwini wake amauza munthu. Nanga kumwambako, ukatopa chonchi, umauza munthu?"

Kuntchito kwathu lamulo linalipo ndithu. Paulendo wautali, mmodzi akhoza kutsinzina pang'ono, bola auze mnzake kuti agwire zonse ndipo amudzutse. Munthu akhozanso kukana ulendo ngati watopa kwambiri. Ine sindinachitepo chilichonse mwa ziwirizi. Ndinkaopa kuti anena kuti mwana wa ku Kapelula ntchito yamukulira. Ndinkangomwa khofi, kudzitsina pantchafu, kutsuka kumaso. Ulendo womaliza uja ndinafunsa mnzanga kawiri ngati atilola kutera, iye n'kundiyang'ana modabwa, chifukwa amene anayankha chilolezocho pa wailesi ndinali ine ndemwe.

Zonsezi sindinawauze amayi. Ndinangoti, "Ayi, sindiuza munthu."

Anatembenuka n'kuyang'ana malaya aja pachingwe. Nditaona nkhope yawo, mpamene ndinadziwa kuti sanakwiye koma akuchita mantha. Nanenso ndinachita mantha, kwa nthawi yoyamba.

Kwathu foni imagwira pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinakwera pamenepo, n'kuimbira woyang'anira maulendo kuntchito. Atandifunsa kuti ndikufuna kusiya ulendo wa tsiku liti, ndinasokonezeka, ndinachita kufuula kufunsa amayi kuti lero ndi lachingati. Anayankha ali pakhonde kuti Lachiwiri. Ndinamuuza bamboyo kuti wa Lachisanu sindiutha, ndatopa. Ndinadikira kuti andinyoze. Iye anangoti wamva, apeza wina, ndipo ndimuimbirenso ndikapuma.

Ndinatsika pachulu. Amayi anali atabweza kuponi m'buku la nyimbo, atayala mphasa ina pamthunzi, ndipo ankapirikitsa nkhuku ndi kamtengo.

"Amayi," ndinatero, "ndikufuna kugona."

"Gona," anatero. "Wandiuza. Ndikudzutsa ndine."