Mfuti ya agogo anga aipaka penti wa geti

Fundi wina wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika pa Chitipa boma wandidanitsa ndi bambo anga ondibala. Dzina lake sinditchula, akudzidziwa yekha.

Nkhani ndi mfuti. Musathamangire kupolisi, mapepala ake alipo, ndipo inasiya kulira ine ndisanabadwe. Inali ya agogo anga aamuna, omwe anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kwathu ku Misuku mkangano wake sutha. Adada amati agogo anamenyera mfuti imeneyi nkhondo ku Burma. Abale ena amati agogowo ankangophikira asilikali ku Zomba, mfuti anachita kugula kwa mlenje. Pano adada akalamba, maso anafa, ndipo akufuna amve zoona zake asanatisiye. Anandipatsa ine mfutiyo, kudumpha achimwene anga atatu, ati poti ndine mphunzitsi ndili ndi mutu.

Ndinalankhula pafoni ndi msilikali wina wopuma ntchito ku Mzuzu, wodziwa mfuti zakale. Anati pachitsulo, pafupi ndi pokhethemulira, pamakhala chidindo, chaka ndi nambala. Zimenezo ndi zomwe zimanena komwe mfuti inapangidwa, ngati inali ya asilikali, ngakhale mtengo wake kwa osunga zinthu zakale. Ati ndijambule ndimutumizire. Koma dzimbiri linali litaphimba zilembo zonse.

Mufunsa kuti bwanji sindinapukute ndekha. Ndinkaopa kuwononga. Sekani, ndakulolani.

Lachiwiri 8 koloko m'mawa ndinafika kwa fundi, mfuti nditaikulunga m'chitenje. Ndinamufotokozera m'Chichewa. Ndinabwereza m'Chitumbuka. Palafini pang'ono, kansalu, apukute apa pokha kuti zilembo zioneke. Osakhula, osapala.

"Madamu, zitsulo ndiye kudya kwanga," anatero. "Pitani mukagule tomato, mubwere 2 koloko."

2 koloko pashopu panalibe munthu. 3 koloko chimodzimodzi. Ndinakhala pa tayala mpaka 4:20, ndipo mkulu uja anatulukira akutokosa m'mano. Anandilowetsa kuseri, nkhope ikuwala ngati munthu amene wakhoza mayeso.

Pawaya, pakati pa mafelemu a mawindo, panapachikika chinthu cha buluu. Buluu weniweni wa geti. Ndinafunsa kuti mfuti yanga ili kuti. Iye anati ndiyomweyo, koma ndisagwire, penti sanaume.

Abale anga, munthu uyu anatenga galainda. Anapala chitsulo chonse kuyambira kukamwa mpaka kumbuyo. Chitsulo chokokera zipolopolo anati chimagwedera, ndiye anachiwotcherera kuti chikhazikike. Pathabwa lakumbuyo panali timizere tomwe agogo anatema ndi mpeni. Iye anati anaona ngati chiswe, ndiye anamata ndi zomatira magalimoto, kusalaza bwinobwino, n'kupaka vanishi.

Ndinamufunsa za zilembo zija. Anati zinalipo ndithu, anaziona ndi maso ake asanapale.

"Zimati chiyani?"

"Panali 4 penapake."

"Nanga chidindo?"

"Chinali ngati chisoti cha mfumu. Kapena nkhuku. Ndinali nditavala magalasi akuda, madamu."

Ndiuzeni inu, munthu ukaona chisoti cha mfumu pachitsulo, nzeru yoyamba kubwera ndi galainda? Ndikanamupatsa satifiketi ya ukwati, akanaichapa ndi sopo? Fundiyo n'kumati ndiyamikeko, chifukwa penti anali wa kasitomala wina, sandilipiritsa. Ntchito ya manja yokha K8,000. Ati yewo ndi mawu aafupi koma anthu ophunzira timavutika nawo.

Ndinajambulabe n'kutumiza ku Mzuzu. Msilikali uja anayankha mwaulemu, kufunsa ngati iyi ndi ya sewero la ana kusukulu kwathu, ndipo nditumize yeniyeniyo. Nditamufotokozera anangoti pepani. Ati mbiri yake yapita ndi fumbi la galainda, ndipo mtengo wake tsopano ndikafunse kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita kumudzi. Njira yonse yokwera mapiri ija ndinkakonza mawu. Ndinapeza adada ali pakhonde, khofi atayanikidwa pabwalo, achimwene anga atatu ali pompo ngati anachita kuitanidwa. Wamkulu atangoona buluu uja anazemba kukasekera kuseri kwa nkhokwe.

Adada analandira mfutiyo ndi manja awiri. Anainunkhiza. Anayendetsa chala pathabwa, kufuna timizere tija. Anabwerezanso. Kenako anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Mama, iyi si mfuti ya adada ŵane. Ngati unagulitsa, ungonena. Njala ndimaidziwa."

Ndinalumbira. Ndinalira. Ndinafotokoza za galainda. Iwo anangoti palibe munthu wamkulu wa ndevu zake angapake mfuti penti, bodza langa ndilikonze bwino. Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba foni amati auzeni ndagona.

Ndiye anthu a ku Chitipa, chinthu chakale cha makolo anu chisiyeni ndi dzimbiri lake, musapite nacho komwe kukulira galainda. Ndipo inu a fundi, za mtengo wa mfuti ndazitaya, penti wanunso sindikumufuna. Njinga yamoto ndilipira ine, kupita ndi kubwera. Mukakhale pansi pakhonde paja, muvule magalasi, muwauze adada ndi pakamwa panu kuti munthu wa ndevu woteroyo alipo, ndipo mwana wawo sanagulitse kanthu.