Maso Amene Ndinkawafuna M'duku la Amayi

Dzulo ndikuyanika mphale, chithunzithunzi cha mbalame chinadutsa pamphasa. Ndisanadzutse n'komwe mutu, pakamwa panali patanena kale: "Kamtema uyo!" Ndinaseka ndekha, mtima uli kwathu ku Nsaru, nthawi ya Chitaganya.

Ntchito yanga inali yolondera anapiye, ndipo mbalame iliyonse ndinkaikuwiza. Amayi ankakhala chiweramire pabwalo akusankha fodya, koma ankazitchula zonse osayang'ana kumwamba.

"Usatisokose, Nabanda, ndi khwangwala chabe."

Kapena: "Kamtema ameneyo, wamchira wamphanda. Azungulira kaye, kusa anapiyewo."

Tsiku lina mawu awo anasintha. "Thamanga! Chiwombankhanga! Chimenecho chikufuna make yemwe!"

Thadzi lathu linali limodzi lomwelo. Ndinaponya chitsononkho ndikukuwa, ilo n'kulowa pansi pa nkhokwe. Chimbalamecho chinadutsa pafupi moti mphepo yake inandiwomba kumaso. Chinali choyera pamimba, mapiko ngati mphasa, ndipo chinakwera mosapupuluma ngati sichinaphonye kanthu. Ndinangoti kukamwa yasa.

Kenaka ndinapita kukafunyulula duku la amayi.

"Ukufuna chiyani, iwe?"

"Maso enawo mumabisa pati, amayi?"

Anaseka mpaka kutsokomola ndi fumbi la fodya.

Ndazindikira nditakula, msana wanganso utawerama. Amayi analibe nthawi yodzutsa mutu, ndiye zam'mwamba zonse ankaziwerenga pa dothi la bwalo limene anasesa okha.