Mabatani Alowa M'makutu a Kwaya

Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, anthu kutchalitchi amamutchula kuti Mabatani, ndipo iye amayesa ndi dzina laulemu. Pamaso ndimati "alamu" monga mwa khalidwe, koma pano mundilole ndizingoti Mabatani. Ntchito yake ndi yokonza mawailesi ndi ma TV m'kashopu kodzaza ndi katundu amene eni ake anatopa kumulondola. Ukamupititsira wailesi yosalankhula, amayamba wakuuza mmene unaiwonongera, kenako mmene uyenera kumainyamulira. Wailesiyo umadzaipeza chaka chamawa ili pashelefu pomwe unaisiya, fumbi lili mbuu.

Kukwaya anabwera akufuna achemwali, osati nyimbo. Atatsegula pakamwa tsiku loyamba, wakiyibodi anaima kaye n'kuyamba kufufuza ngati chida chake chawonongeka. Akulu a mpingo, pokhala anthu achifundo, anamupatsa ntchito yokulunga mawaya. Kuchoka pa mawaya anafika pa mikisa, chida chija cha mabatani ambirimbiri chokwezera ndi kutsitsira mawu a aliyense, ndipo tebulo lakumbuyo kwa tchalitchi linasanduka likulu la dziko. Anaikapo mpando wa khushoni, n'kumangirira chingwe kuzungulira kuti ana asayandikire.

Kunyumba ndiye musanene. Mabatani amadziwa kayanikidwe ka thaulo, kadulidwe ka anyezi, katsekedwe ka chitseko cha firiji. Sagwira chilichonse mwa izi, amangofotokoza ali chikhalire. Achemwali, amene tili ana ankaimba ngakhale msuwachi uli m'kamwa, anaphunzira kuyenda m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Malo okhawo amene mawu a mwamuna wawo sankafikako anali kutsogolo kwa tchalitchi, maiki ili m'manja. Kumeneko ankaimba atatsinzina, ndipo Mabatani ankatha kubaibitsa manja kumbuyoko mpaka thukuta, wopanda womuona.

Achemwali anali ndi katsogoleredwe kawo ka nyimbo. Pothera pa kolasi ankakoka mawu omaliza, n'kupendeketsa mutu kutchera khutu kumpingo. Akamva kuti anthu sinawakwane, ankaibwereza, ife oimba kumbuyo kwawo n'kutsatira, wang'oma ndi wagitala chimodzimodzi. Akamva kuti yakwana, ankaitsitsa pang'onopang'ono mpaka kutha. Palibe ankawerenga kuti tabwereza kangati kupatula Mabatani, amene maso ake sachoka pa wotchi yapakhoma.

Vuto linalipo ndithu, sindikana. Masipika apansi oyang'ana oimba, amene tinkadzimverapo, anali atakalamba. Maiki ikangoyandikira ankalira kuti tswii mpaka makanda kudzidzimuka, ndipo wang'oma akatenthedwa sitinkamvana n'komwe. Choncho Mabatani atauza akulu a mpingo kuti masiku ano oimba amavala timahedifoni tolowa m'khutu, aliyense ndi kabokosi kake m'chiuno kolandira mawu popanda waya wochokera kumikisa, anamulola kuti akasankhe. Ine anandituma kuti ndikaimire kwaya, kutanthauza kuti ndikanyamule katoni.

Wogulitsa anali mayi wina wofatsa. Anafunsa kukula kwa tchalitchi, ngati pali zipilala pakati, kuchuluka kwa oimba, ndiponso ngati tikufuna mabatire otchaja. Mabatani ankayankha funso lisanathe, ndipo anapezanso mpata womuphunzitsa mayiyo kagwiridwe ka katundu wake yemwe. Pomaliza pakauntala panatsala mitundu iwiri. Woyamba, woimba aliyense amadzisankhira chimene akufuna kumva kwambiri, kaya kiyibodi, kaya mawu ake, kaya a mnzake. Wachiwiri, onse amamva chimodzi, chimene watumiza wapamikisa, ndipo wapamikisayo akhoza kulumikiza maiki yake n'kumalankhula m'makutu mwa oimba mpingo osamva. Ndinaona nkhope ya mlamu wanga ikuwala ngati mwana amene amugulira wezulo.

"Aliyense azidzisankhira chomva?" anatero, akukankhira pambali mtundu woyambawo. "Ndiye ine kumbuyo kuja ndizikhalirako chiyani?"

Mayi uja anawonjezera kuti timahedifoniti timatseka khutu ndithu, choncho ndi bwino kuikanso maiki ina yoyang'ana kumpingo kuti oimba azimvabe anthu. Ine ndinati imeneyo tiitenge, achemwali sangaimbe osamva mpingo. Mabatani anandiyang'ana mmene amayang'anira kasitomala, n'kunena kuti phokoso la mpingo ndi lomwe tikuthawa.

Poyeserera zinayenda bwino, poti m'mabenchi munalibe anthu. Mawu ankamveka oyera, ndisaname. Koma pakati pa nyimbo m'khutu munkatulukira Mabatani, akulangiza mkazi wake. Amayi, maiki italikitseni. Amayi, mwakweza kwambiri. Amayi, tsegulani maso. Tonse tinkamva, chifukwa makutu athu onse anali panjira imodzi, ndipo anyamata a besi ankayang'ana pansi kubisa kuseka. Achemwali ankangogwedeza mutu ngati ali kukhitchini kwawo. Mtima unandipweteka kwambiri.

Lamulungu lotsatira kunabwera bambo wina wachikulire amene anali asanaponde m'tchalitchi chimwalirire mkazi wake. Abusa anapempha kuti tiimbe nyimbo imene malemuwo ankaikonda. Tinaiyamba bwino, achemwali atatsinzina mwa nthawi zonse. Pofika pothera pa kolasi anakoka mawu, n'kupendeketsa mutu kuti amve mpingo. Chimene anamva ndi chimene tonse tinamva.

"Nthawi yatha. Dulani pomwepo."

Wakiyibodi anadula, wang'oma anadula, ifenso tinatseka pakamwa. Achemwali potsegula maso anaona mpingo wonse uli chiimire, milomo ikuyenda, bambo uja atagwira benchi lakutsogolo kwake ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Anthu anali atailowa kale kolasi kachiwiri. Anapitiriza okha pang'ono, kenako anayamba kuyang'anana, mawu n'kumazima mmodzimmodzi mpaka anatsala bambo uja yekha, naye anakhala pansi mwamanyazi. Ife tinangoona ndi maso. Mmene zinamvekera tinachita kuuzidwa panja.

Mapemphero atatha achemwali anavula timahedifoni tija, anamasula kabokosi m'chiuno, n'kulunjika kutebulo lakumbuyo. Chingwe chotchinga ana chija anachidumpha. Mabatani atangoona kabokosiko anayamba kufotokoza kaikidwe kake koyenera, koma sanamalize.

"Abambo," anatero achemwali motsitsa mawu, "kunyumba ndimakumvani kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Kuno ndinkabwera kudzamva anthu ena."

Iye anayankha kuti zinthu zatsopano zimafuna kuzolowera, ndipo anawakumbutsa kuti pobweza kabokosi azikazimitsa kaye, batire lingathe.

Achemwali sanabwererenso kukwaya. Akulu a mpingo anapita kukawanyengerera, iwo n'kungoti kukhosi kukuwavuta. Zobwerera kumasipika akale sizinatheke, poti Mabatani anali atawamasula kale, zidutswa zake zili pashelefu kushopu kwake pamodzi ndi mawailesi a anthu. Za maiki yoyang'ana kumpingo akuti adzaziona bwino. Malo a achemwali anapatsa mtsikana wina womvera, amene amadula nyimbo akauzidwa kuti adule. Mabatani amauza aliyense womupatsa khutu kuti chiyambire tchalitchi chathu sipanamvekepo mawu oyera ngati a masiku ano, ndiponso kuti kanyali kofiira ka pamikisa, kamene kankayaka achemwali akakweza mawu, kanasiya kumuvutitsa. Amanena zimenezi monyadira, mkazi wake ali pomwepo atamunyamulira chikwama cha mabatire.

Masiku ano achemwali amakhala pakati pa mpingo, chakuzenera. Ine ndikadali kutsogolo, kabokosi kali m'chiuno. Tikafika pothera pa kolasi ndimawaona atatsinzina, mutu utapendeka, milomo ikuyenda, ndipo ndimadziwa kuti akuimba ndithu chifukwa oyandikana nawo amatembenuka kuwayang'ana. Ndinakula mawu amenewo ali pambali panga. Tsopano amene ndimamumva ndi mlamu wanga, akundiuza kuti ndiime mowongoka.