Kazenera Kamene a Clifford Anamata

Aneba anga, a Clifford Entwistle, moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi mphepo. Ntchito yawo inali yogawa makalata khomo ndi khomo muno mu Accrington, ndiye chisanu chinawalowa m'mafupa, moti mpaka lero kamphepo kakawakhudza pakhosi amatembenuka ngati wina wawatukwana. M'nyumba mwawo mulibe mpata. Pansi pa chitseko chilichonse pamagona kapilo kakatali kotchinga mphepo, kamene mkazi wawo, a Audrey, ankasoka manja akadali abwino. Ngakhale pabowo la kiyi anatsekapo ndi thonje.

Atapuma pantchito anamanga chipinda cha magalasi kuseri kwa nyumba, denga lagalasi, makoma agalasi, kuti dzuwa lathu losowali likatuluka lisawaphonye. Ambirife mumsewu uno tili nazo zipinda zotere ndipo matenda ake timawadziwa: nthawi yachisanu mumazizira koopsa, chilimwe mumasanduka uvuni. A Clifford ankangoona za kuzizirazo basi.

Chaka chatha a Audrey anafa ziwalo mbali imodzi. Masitepe okwera kuchipinda chogona anakanika. Bedi limene achipatala anabweretsa linakana kukhota pakhomo la pabalaza, ndiye linalowera kuseri n'kukaikidwa m'chipinda cha magalasi muja. Mayiwo anakondwa, poti ankaona mbalame ndi maluwa awo ali chigonere. Koma namwino wobwera kudzawasambitsa, mayi wamtali dzina lake Bryony, analankhula mosabisa, ine ndili pomwepo.

"Bambo, muno mukazizira kwambiri kapena kutentha kwambiri, amayiwa sangakhalemo. Tidzawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba."

Mawu akuti kutentha anawadutsa a Clifford. Iwo anamva kuzizira. Anagula mbaula yamagetsi, makatani okhuthala, kapeti pamwamba pa kapeti inzake. Padenga panali kazenera kotsegula ndi ndodo, kotulutsira mpweya wotentha. Tsiku lina ndinawapeza ali pamakwerero akukamata ndi phula mbali zonse, misomali ili kukamwa.

"A Clifford, nanga chilimwe?" ndinafunsa ndili kumpanda.

"Chilimwe chake chiti, a Glenys? Chija chimabwera Lachitatu n'kuchoka Lachinayi?"

Ndinaseka, chifukwa sankanama. Ndipo chisanu chonsecho a Audrey sanatsokomoleko ngakhale kamodzi.

Kenako mu Julaye dzuwa linabwera n'kukhazikika. Ife kuno dzuwa sitilidziwa. Tikaliona timathamangira panja, amuna malaya kuvula, mpaka misana kusupuka. Koma limeneli silinali losewera nalo, tala wa mumsewu ankamata kunsapato. Ine mtima unali kwa aneba. Ndikamachapa mbale ndinkangoyang'ana denga lawo likung'anima.

Nditapitako, mpweya unandibweza pakhomo. Chitseko cha kumaluwa chinali chotsegula koma palibe chimene chinkayenda, kutentha konse kunaunjikana kudenga kopanda potulukira. A Clifford anali atayesa zonse. Magalasi anapaka laimu, anapachika nsalu zonyowa, fani inkangotakasa moto womwewo. Ndiye taonani a Audrey, atavala juzi, bulangete lili pamiyendo, tiyi wotentha ali pambali.

"Juziyi ndi yachiyani?"

"Nsalu zonyowazi zingawapatse chifuwa," anatero a Clifford.

Ndinayang'ana pamsomali pamene pamakhala kachipangizo koyezera kutentha. Panalibe. Ndinakapeza kukhitchini, pansi, pafupi ndi firiji, kamzere kake kofiira katatsika bwinobwino. Ndinapsa mtima.

"Mukunamiza ndani, bambo inu? Namwino kapena thupi la mkazi wanu?"

Anandikokera panja kuti mayiwo asamve.

"A Glenys, akawatenga sabwerera. Mchemwali wawo analowa kunyumba ya okalambako akuyenda yekha, tinakamutenga m'bokosi. Dzuwali litha mawa. Limatha nthawi zonse."

Silinathe. M'mawa mwake kunacha kopanda ngakhale kamtambo. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva kugogoda kuseri kwa mpanda. Ndinathamanga ndi masilipasi.

A Clifford anali pamakwerero mkati mwa chipinda, akukumba phula lija ndi tchizulo, thukuta likuchucha m'maso. Phula linali litauma gwa, misomali itachita dzimbiri. Kazenera sikanagwedezeke n'komwe.

"Ndinamata bwino kwambiri," anatero, osandiyang'ana.

Ndinapita pabedi. Milomo ya a Audrey inali itang'ambika, khungu lotentha koma louma, thukuta osatuluka. Ndinawaitana, maso anangoyendayenda. Anandiyankha ndi dzina la mayi awo, amene anamwalira kalekale.

"Ndikuimbira namwino."

"Chonde, a Glenys. Dikirani nditsegule kaye."

Ndinaimba iwo akundiyang'ana. Zaka zonse takhala moyandikana sanandiyang'anepo choncho, ndipo ndinamva kuwawa, koma foni sindinaitsitse.

Ndiye a Clifford anatsika n'kutenga hamala. Tinakankhira bedi kukhomo la kukhitchini, ine ndinakunga limodzi mwa makatani achisanu aja pamwamba pa a Audrey. Munthu amene ankatseka bowo la kiyi ndi thonje anakwera makwerero n'kumenya denga lake. Koyamba anamenya mwamanyazi. Kachiwiri galasi linaphwanyika, zidutswa mbwee pakapeti. Posakhalitsa nsalu zonyowa zija zinayamba kugwedezeka, mpweya ukulowa kuchokera kumaluwa n'kukwera kutulukira pachibowo.

Namwino anafika tikusesa. Sanakalipe. Anawavula juzi a Audrey, anawaika nsalu zozizira m'khosi ndi m'khwapa, madzi ankawamwetsa ndi supuni. Kenako anayang'ana msomali wopanda kanthu uja, anayang'ana chibowo padenga, anayang'ananso a Clifford. Anatuluka kukaitana ambulansi.

Tikuyembekezera, a Audrey anatsegula maso n'kuwazindikira amuna awo. Kamphepo kankawagwedeza tsitsi.

"A Clifford," anatero ndi lilime lawo lolemera lija, "mphepo ikulowa. Tsekani."

Bamboyo anakhala pansi pakapeti n'kulira.

Kuchipatala a Audrey anachira, Mulungu ngwabwino. Koma potuluka sanabwere kuno. Anawapititsa kunyumba ya okalamba ija, akuti poyembekezera kuti chipinda chikonzedwe. A Clifford anaitana mmisiri, anaika kazenera katsopano kotseguka ndi chala chimodzi, makatani opepuka a padenga, ndipo kachipangizo kaja kanabwerera pamsomali pake. M'mawa uliwonse amandiitana kumpanda kuti ndidzawerenge kamzere kofiira ndi maso anga, ndikhale mboni akadzabwera oyendera achipatala kudzaona ngati mayiwo angabwerere. Masana amakwera basi kukawaona a Audrey, ndipo ndamva kuti kumeneko atopa nawo, akuti zenera la kuchipinda kwa mayiwo limalowetsa mphepo.

Oyenderawo sanabwerebe, ndipo masamba ayamba kuyoyoka. Lolemba lapitali kunabwera galimoto, anyamata awiri anatulutsa bedi lija kudzera kuseri, akuti likufunika kwina. Dzulo ndikuyanika zovala ndinawaona a Clifford atakhala pampando pakati pa chipinda chopanda bedi, ndodo yotsegulira kazenera ija ili m'manja, maso ali pamsomali. Kazenera anali atakatsegula pang'ono, ndipo mphepo inkawaomba pakhosi penipeni.